Fodya Amene Anamufikitsa ku Likoma

Chance anamuona koyamba Faustina m'chigafa, atakhala pansi akusoka fodya. Zala za mtsikanayo zinali zakuda bii ndi utomoni wa masamba, ndipo atangoona nsapato zoyera zitaima patsogolo pake, anabisa manja m'chitenje.

"Ukubisiranji? Manja amenewo ndi amene akudyetsa esiteti yonseyi," anatero mnyamatayo.

Faustina anali mwana wa a Yakobe, tenanti wamba. Winayo anali mwana wa mwini esiteti, wongobwera kumene kuchokera ku Lilongwe komwe mayeso a Fomu 4 anamukana. Bambo ake atatopa naye, anamuponya pa sukulu yoyendera ya ku Njombwa, kumene Faustina ankaphunzira Fomu 3. M'kalasi Chance analibe chake, koma pakamwa pokha Mulungu sanam'mane.

Sabata isanathe, kafoni ka Faustina kanasiya kupuma.

"Wadzuka bwanji, duwa langa?"

"Lero sindinadye. Ndikayang'ana m'mbale ndikungoona nkhope yako."

Mtsikana wanzeru ngati Faustina anayenera kuseka bodza lotere. Anasekadi, koma uthengawo sanaufufute.

Pamene mvula inkatha n'kuti atamulola. Chibwenzi chake chinali chobisa: pa esiteti ankadutsana ngati alendo, chifukwa mwana wa bwana ndi mwana wa tenanti sayendera limodzi anthu akuona. Zimenezi zinkamuwawa Faustina, koma ankapirira.

Kenako gulu la zachilengedwe la pasukulupo linakonza ulendo wa ku chilumba cha Likoma pa tchuthi cha Pasaka.

"Kumeneko kulibe bambo anga, kulibe kapitawo," Chance analemba. "Ndikakugwira dzanja dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona. Ndalonjeza, mtima wanga."

Faustina anawerenga uthengawo mpaka anauloweza. Vuto linali limodzi: ndalama ya ulendo. Tenanti sagwira ndalama fodya asanapite ku okushoni, amangolandira phoso. Tsamba lililonse m'chigafa ndi la bwana, ndipo wopezeka akugulitsa fodya kwa mavenda amathamangitsidwa tsiku lomwelo, thukuta la chaka chonse n'kusiya pompo.

A Yakobe lamuloli ankalidziwa bwino. Koma mwana wawo ankakhala nambala wani chaka ndi chaka, ndipo anali asanaonepo madzi oposa a m'dambo. Tsiku lina m'mamawa bambowo anamanga fodya pang'ono m'thumba la feteleza, n'kukwera njinga kupita kwa venda. Atabwerako anamuitana Faustina kuseri kwa nyumba, n'kumupatsa ndalama ya ulendo.

"Pita ukaone dziko, mwana wanga. Koma nkhani iyi ithere m'nyumba muno. Bwana akangomva, tasamuka."

"Sindingauze munthu, ababa."

Ndipo sanauzedi munthu, mpaka tsiku limene Chance anamuperekeza pochokera kusukulu, m'kanjira ka m'chimanga.

"Ndimafuna ndikulipirire ulendowu, koma a Madamu akuti dzina lako lalembedwa kale. Waipeza kuti ndalama, wokondedwa?"

"Ababa anayesetsa."

"Anayesetsa bwanji, fodya asanapite?" Anaseka, n'kumukonza kolala ya yunifolomu. "Kodi pakati pa ine ndi iwe palinso zobisirana? Ndiye kuti sundikhulupirira."

Mawu amenewo anamulasa. Iye wosamukhulupirira Chance?

"Lumbira kuti suuza munthu."

"Pali amayi anga. Ndikaulula, ndife."

Faustina anaulula zonse: tsiku lake, thumba lake, ngakhale dzina la vendayo. Chance anamupsompsona pachipumi, ndipo mtsikanayo anafika kunyumba mtima uli mbee. Paja mphuno salota.

Ulendo unali wa chimwemwe chokhachokha. Anaimba m'basi kuyambira pa Boma pa Kasungu mpaka ku Nkhata Bay, mawu kusasa. M'sitima ana a ku Kasungu anaonekera ng'amba kuti ndi a kumtunda: ena anakumbatira zitsulo, ena anayamba nyimbo za maliro. Tawonga, mnzake wa ponda apa nane mpondepo wa Faustina, anasanza mpaka kulumbira kuti pobwerera ayenda pansi.

Chance anasunga lonjezo. Atangotsika pachilumba, anamugwira dzanja pamaso pa onse. Atsikana anakuwa, anyamata anaimba mluzu, a Madamu anayang'ana kumbali. Faustina anamva ngati wavala nsapato zatsopano, mapazi osafuna kuponda pansi.

"Ine mnyamata ameneyu sandigwira mtima," Tawonga anamunong'oneza. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

"Nsanje basi. Ukasiya kusanza udzamuona bwino."

Tsiku lachiwiri anakaona tchalitchi chachikulu cha pachilumbapo, n'kuyesa kuzinga mlambe anthu asanu ndi awiri koma manja osakumana. Masana, onse anatsikira kumadzi. Chance anakwera pamwala, mapiri a ku Mozambiki ali kumbuyo kwake, n'kumuponyera Faustina foni yake yatsopano.

"Ndijambule, mfumukazi yanga. Phirilo lioneke."

Faustina anakweza foni. Asanadine, pamwamba panatulukira uthenga wochokera kwa "Adadi".

"Wagwira ntchito, mwana wanga. Venda uja wavomera. Yakobe tamuchotsa m'mawa uno. Ufunsenso mtsikanayo za matenanti enawo musanabwere."

Anawerenga kawiri. Anzake ankasambira, akuwazana madzi, koma iye phokoso lonselo ankalimvera kutali.

"Wajambula? Dzuwa likundiwotchatu kuno."

Faustina anangomutembenuzira foniyo. Chance anatsika pamwala n'kuwerenga.

"Unayamba liti?" anafunsa mtsikanayo motsitsa.

"Fau, tandimvera kaye."

"Ndafunsa kuti unayamba liti. Tsiku lija m'chigafa, unabwera wekha kapena anachita kukutuma?"

Chance anayang'ana pansi, akukumba mchenga ndi chala cha kuphazi.

"Adadi ankadandaula kuti fodya akusowa. Anati ndikawapezera wakuba, andibwezera ku Lilongwe. Sindinkadziwa kuti ndidzakukondadi. Ndikunena zoona, duwa langa, ndinayamba ngati ntchito koma kenako..."

"Kenako unawauzabe."

"Ndinkaganiza kuti angowakalipira."

"Wakulira pa esiteti iwe. Unaonapo tenanti atangokalipiridwa?"

Mnyamatayo anatambasula dzanja kuti amugwire. Faustina anabwerera m'mbuyo.

"Ababa analima fodya ameneyo okha, anathirira nazale okha, ine ndinasoka ndi zala izi. Anatengapo kathumba kamodzi kuti ine ndidzaone nyanja. Ukudziwa chimene ndinkafunira kubwera kuno? Kuti undigwire dzanja. Basi. Ndagulitsa bambo anga kuti undigwire dzanja."

"Ndikakamba nawo adadi. Ndikulonjeza."

"Malonjezo ako ndawaona. Unalumbira pali amayi ako."

Anaika foniyo pamwala bwinobwino, osaiponya, n'kutembenuka. Tawonga anatuluka m'madzi n'kumutsatira, ndipo ngakhale anali ndi mpata wonena kuti ndinakuuza, sananene. Anangomubwereka foni yake, chifukwa ya Faustina inalibe mayunitsi.

Faustina anaimbira mayi ake, ndipo anayankha ataimba kachitatu. Kumbuyo kwawo kunkamveka ng'ombe ndi kulira kwa matayala a ngolo.

"Amayi, muli kuti?"

"Tili m'njira, mwana wanga. Atipatsa mpaka masana kuti tichoke. Fodya yense watsala."

"Mukupita kuti?"

"Sitinadziwe. Abusa akuti tisungitse kaye katundu kutchalitchi." Mayiwo anapuma. "Bambo ako akungodzifunsa kuti wawaulula ndani. Akuganizira a Tobias oyandikana nafe, anthu amene tadya nawo limodzi zaka zonsezi. Dikira, akufuna akulankhule."

Faustina anafuna kudula foniyo, koma chala chinakana.

"Fausi," anatero a Yakobe, mawu ali otopa koma odekha. "Usadandaule za kuno, ife ndife akuluakulu. Tandiuza, nyanja waiona? Ndi yaikuludi monga amanenera?"

Misozi inatsika yokha. Anayang'ana madzi aja, mbali zonse madzi okhaokha, sitima yobwerera ili kutali ndi masiku atatu. Akanatha kuyankha kuti ndi yaikuludi, nkhani n'kuthera pompo, a Tobias n'kusenza mlandu wosalakwa. Ndani akanadziwa?

"Ababa," anatero, "a Tobias muwasiye. Ndine."

A Yakobe anafunsa:

"Unauza ndani?"

"Mwana wa bwana."

A Yakobe sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anapuma mpweya wautali, ndipo atalankhula, sanalankhule ndi iye.

"Amake Fausi, landirani foni yanu. Ndikapepese kaye kwa a Tobias, ndawatukwana pagulu m'mawa uno."