Njerwa ya Zala Zinayi

Kamakani anali kamtsikana kakafupi. Dzina lake lenileni linalipo, koma ndani ankalikumbukira? Akati ndichita, ankachitadi. N'chifukwa chake onse ankangoti Kamakani.

Kamakani ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kupeza njerwa ya agogo ake.

Pakati pa tauni panali nyumba yaikulu ya njerwa zofiira. Inali ndi nsanamira zinayi. Inali ndi nsanja ya wotchi. Kumanja kunali holo ya misonkhano. Kumanzere kunali laibulale.

Agogo aamuna anaumba nawo njerwa za nyumbayi ali mnyamata. Tsiku lina anadinda dzanja lawo pa njerwa yaiwisi. Dzanja la agogo lili ndi zala zinayi. Chala chimodzi chinaduka ali mwana. Njerwayo inapsa bwino. Amisiri anaimanga pakhoma, pafupi ndi khomo la laibulale.

"Ili pa mzere wa khumi," agogo ankatero. "Uwerenge kuchokera pansi."

Tsopano maso a agogo anali atafooka. Sakanatha kuifuna okha.

Loweruka m'mawa, Kamakani anaona matumba a simenti pakhomo pa holo. Anafunsa mmisiri wa chipewa chachikasu. Mmisiriyo anati khoma lakalamba. Lolemba adzalimata pulasitala lonse. Njerwa zonse zidzabisika.

Kamakani anathamangira ku khomo la laibulale. Dzanja la agogo libisike? Ayi ndithu.

Anayamba kuwerenga mizere. Umodzi, iwiri, itatu, mpaka khumi. Dzanja panalibe. Anawerenganso. Dzanja panalibe. Anatsatira mzere wonse ndi chala mpaka pakona. Chala chinafiira. Dzanja panalibe.

Achimwene ake anatulukira pa njinga. Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati mwina agogo analota. Kamakani anapsa mtima. Anakwera pa chidebe. Anayang'ana mizere ya m'mwamba. Dzanja panalibe.

Dzuwa linafika pamutu. Njala inayamba kuluma. Misozi inalengeza m'maso. Koma Kamakani ndi Kamakani. Paja safunsa anadya phula. Anapukuta maso, n'kulowa mu laibulale.

Mu laibulale munali zii. Munkamveka fungo la mabuku akale. Mawindo anali aatali kuposa chitseko. Mayi woyang'anira mabuku anamvetsera nkhani yonse. Anatsegula kabati. Anatulutsa chithunzi chakale, cha tsiku lotsegulira nyumbayi.

Kamakani anayang'anitsitsa. Nsanamira zinayi, zilipo. Wotchi, ilipo. Nanga masitepe? Anawerenga. Pachithunzi anali asanu.

Anathamangira panja. Anawerenga. Masitepe anali awiri okha. Anabwerera ali wefuwefu.

"Amayi, masitepe atatu anapita kuti?"

Mayi aja anati kale msewu unali m'munsi. Mvula ikagwa, madzi ankadikha pakhomo. Ndiye anthu anathira dothi ndi miyala. Masitepe atatu anakwiririka.

Ohoo! Pansi pa lero si pansi pa kale. Agogo anawerenga kuchokera pansi pa kale. Njerwa siili m'mwamba. Ili m'munsi.

Kamakani anagwada kuseri kwa maluwa. Minga inamukanda. Sanasamale. Khoma linali ndi matope ouma. Anawapala ndi kamtengo. Mzere wachiwiri, palibe. Mzere wachitatu, palibe. Pa mzere wachinayi anaona kadzenje. Anapalanso. Anaona kadzenje kena.

Zinali zala. Chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi.

Liwiro lake, fumbi linali koboo mpaka kunyumba. Anabwera atawagwira agogo dzanja. Achimwene ankatsatira m'mbuyo, akukankha njinga. Kuseka kuja kunali kutatha.

Agogo anagwada pang'onopang'ono. Mawondo analira. Kamakani anatenga dzanja lawo. Analiika pa njerwa. Zala zinayi zinalowa bwinobwino.

Agogo anaisisita njerwayo.

"Ndi langa," anatero. "Mdzukulu wanga, ndi langa ili."

Mmisiri wa chipewa chachikasu anabwera kudzaona. Kamakani anaimirira patsogolo pake.

"Bambo, chonde, apa musamatepo."

Mmisiri anakanda mutu. Anati njerwa imodzi pakati pa pulasitala siioneka bwino. Kamakani sanasunthe. Mmisiri anati ntchito yake ndi kumata khoma lonse. Kamakani sanasunthe. Achimwene anatsamiritsa njinga. Anabwera kudzaima pambali pake.

Mmisiri anayang'ana dzanja la agogo. Anayang'ana dzanja lake, loyera ndi simenti. Anavula chipewa. Anati ntchito ya mmisiri mnzake sangaikwirire. Anatulutsa choko m'thumba. Anajambula kabokosi kuzungulira njerwa ija.

Lolemba khoma lonse linamatidwa. Koma pafupi ndi khomo la laibulale panatsala kawindo. M'kawindomo munali njerwa yofiira.

Madzulo Kamakani anabweranso ndi agogo. Nayenso anaika dzanja lake pa njerwa. Zala zinayi zinapeza malo. Chala chimodzi chinatsala panja.

"Agogo, ichi ndichiike pati?"

Agogo anachigwira kachalako. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Chimenecho chisunge," anatero. "Chimenecho ndi cha makani."