Kamphika ka Malemu Mayi Ake

Moni nonse okondedwa, ndipo tiyamike Mwini moyo potisunga mpaka lero.

Yuk-Lan atapita padera kachiwiri, nyumba ya apongozi ake, mayi Fung, momwe ankakhala ndi mwamuna wake, inadzaza ndi mitsuko yadothi. Katswiri wa feng shui, luso la makolo lokonza nyumba kuti mwayi ulowemo, adati vuto n'lakuti amakhala pamwamba penipeni pa nyumba yosanja ku Kowloon, kutali ndi nthaka, ndiye mwana sangakhazikike m'mimba popanda dothi pafupi. Mayi Fung anandandalika miphika pazenera mpaka linaleka kutseguka. Chimtsuko chachikulu anachiika kuseri kwa chitseko kuti mwayi usamathawe, moti munthu ankatuluka cham'mbali. Apongoziwo anamuletsa Yuk-Lan kupita kuntchito, ngakhale kutchalitchi komwe. Iye ankangokhala pakona pamene katswiri analoza, n'kumaimba nyimbo za Mulungu chamumtima.

Chake m'nyumbamo chinali chimodzi: kamphika kophikira msuzi kamene malemu mayi ake anamusiyira, kong'aluka pang'ono pamlomo. Lamulungu lina masana anakapeza m'thumba la zinyalala.

"Amayi, mwakataya ndinu?"

"Ndine. Chiwiya chong'aluka chimadontha mwayi, ndani sadziwa? Adzukulu anga awiri apita chifukwa cha kaphale kakoka!"

"Ndi ka mayi anga."

"Mayi akowo akanakuphunzitsa kusunga mimba, osati zinyalala."

Yuk-Lan anagwetsa misozi. Anatembenukira kwa mwamuna wake, Kam-Fai, amene anali ataweramira mbale ya mpunga, timitengo todyera tili m'manja.

"Fai, yankhulako. Mankhwala owawa ndamwa. Pakona ndakhala, ngati nanenso ndine mtsuko. Sindikupuma muno!"

"Ingowamvera, Lan. Akutifunira zabwino."

Pamenepo Yuk-Lan anatola kamphikako, nakakulunga m'juzi, n'kunyamula chikwama chake. Koma potsegula, chitseko chinagunda chimtsuko chija. Munthu wa katundu sakanadutsa. Anakankha ndi bondo, anakankhanso akulira, koma osasuntha.

"Waona?" anatero mayi Fung. "Dothi lakana."

Kam-Fai anayang'ana mkazi wake atapanikizika pakhomopo. Anaika timitengo pansi, nakachikumbatira chimtsukocho, n'kuchikhwekhwereza mpaka pakati pa chipinda.

"Fai! Wapenga? Mwayi wonse utuluka!"

"Ukutuluka kale, amayi. Ndikuutsatira."

Anavala nsapato, nalandira chikwama m'manja mwa Yuk-Lan.

"Ndinakubereka ndine! Undisiya ndekha?"

"Tizibwera Lamulungu lililonse kudzamwa msuzi wanu. Koma tikapeza zenera lili chitsekere, tizibwerera pakhomo."

Chitseko chinamenyeka. Mayi Fung anatsala pakati pa mitsuko yawo, akuitana mwana wawo ndi dzina la ubwana. Analira mpaka mpunga unazizira. Kenaka anadzuka n'kutsitsa mphika woyamba pazenera.

Iye amene anatiumba ndi dothi natiuzira mpweya akudalitseni, okondedwa, ndipo asalole kuti wina m'nyumba mwanu asowe popumira. Ameni.