Khoma Limene Dingeman Anagumula

Amene anapha mwamuna wanga Leunis si nyanja ayi. Ndi Dingeman, mwini minda ya kumathiriro a mtsinje. Iyeyu anagumula pakati pa khoma lakale la dothi lotchinga madzi kuti thirakitala yake izidutsa, osauza munthu. Pamapu, khomalo linali likadali lathunthu.

Nyanja itasefukira n'kumeza minda, Dingeman yemweyo anatuma Leunis ndi mchimwene wanga Pier kukatenga akavalo ake awiri amene anatsalira pachitunda. Wabwato wina anakawatula kumeneko. Akavalo sakwera bwato, choncho pobwerera anayenera kuyenda pamwamba pa khoma lomiralo.

Madzi ankalekeza m'ntchafu, ozizira mobaya mafupa. Nkhungu inatseka. Ng'ombe zakufa zinkawadutsa miyendo ili m'mwamba, ndipo Pier anamva mano ake akugundana.

"Alamu, mapuwo akuti bwanji?"

"Akuti tilunjike nsanja ya tchalitchi," anatero Leunis. "Khomali ndinakulira pomwepa, ndingaliyende chotsinzina."

"Buledi watsala?"

"Munamaliza nokha. Mimba yanuyo ndi dzenje!"

Pier anayesa kuseka, koma khutu lake linali kutsogolo, kumene madzi ankalira mwachilendo ngati akumezedwa. Kavalo wotsogola anaima, makutu chilili.

"Akukanatu, alamu. Tibwerere."

"Ndi wamantha ngati mwini wake. Mafunde akukwera, tikaima tifera pano."

Leunis anakulunga chingwe padzanja monga ankachitira polima, n'kukoka. Anaponya phazi. Pansi panalibe. Madzi othamangira pogumulidwa paja anam'kokolola, kavalo n'kugweramo naye. Chingwecho sichinamasuke.

"Leunis!"

Chipewa chake chokha chinazungulira n'kudzagunda mwendo wa Pier.

Pier anabwerera kuchitunda atakolowekera mkono pakhosi pa kavalo winayo, phazi lililonse akuyamba wafufuza pansi. Wabwato anakam'peza kumeneko milomo itada. Atafika kumtunda, Dingeman anayang'ana chipewa chija m'manja mwa Pier n'kufunsa kuti, "Nanga akavalo anga?"

Mpaka lero Pier sayenda wopanda ndodo. Amagogoda pansi ngakhale pamsewu wouma, ana n'kumamuseka. Dingeman amakhala pampando wakutsogolo m'tchalitchi, ndipo abusa amati chinali chifuniro cha Mulungu.

Mulungu ali ndi thirakitala? Anagwira fosholo ndi Mulungu? Inu amene mukuwerenganu, musandiuze zopepesa. Ndiyankheni!