Mphumu ya Galimoto ya a Marko

Ku Ndirande, masiku aja munthu unkayenda ndi khadi la chipani m'thumba ngati chithumwa, kunali galimoto imene inayamba kupuma ngati munthu.

Inali ya a Marko a ku Nsanje, amene anabwera nayo kuchokera ku Joni itakalamba kale. Iwowo anatengedwa m'mawa wina ndi amuna awiri a majekete, ndipo palibe anafunsa kuti akupita nawo kuti. Akazi awo, mayi Mildred, anasunga lamulo limodzi limene anawasiyira: kuliza injini madzulo aliwonse kuti batire isafe.

Mvula itayamba, injini ija inasintha mawu. Inkakwera, n'kutsika, n'kubanika, ndendende a Marko mphumu ikawagwira, muja ankafunda bulangeti pa mphika wa masamba a bulugamu. Pa mpopi amayi ankanong'onezana kuti mwini wake wafa, mzimu wabwerera m'chitsulo chake. A Feston, akulu awo a Marko, anatulukira kuchokera ku Bangwe.

"Mlamu, tiike thunthu la nthochi m'manda, tilire maliro. Munthuyu akusowa pogona."

Mayi Mildred anaitana Sulaiman, makanika wa kuseri kwa msika, amene anafika kutada, tochi m'manja.

"Che Sulaiman, mundiuze chimodzi," ananong'ona. "Ndi chitsulo, kapena ndi bambo akunyumba? Mukati ndi iwo, ndivala zakuda."

Sulaiman anatsegula boneti. Anamasula mapulagi, nawapeza ali bii ndi mwaye. Anapapasa paipi ya mpweya kufuna mng'alu, osaupeza. Kenaka anagogoda kabokosi kachitsulo kokhala pakati pa sefa ya mpweya ndi injini.

"Galimotoyi ilibe kabuleta, mayi. Aka ndi koyeza mpweya wolowa. M'katimu muli kachitseko. Kakatseguka kwambiri, petulo amabweranso wambiri. Kakakanirira, injini imamwa mopitirira n'kutsamwa."

Anakankha kachitseko kaja ndi chala, ndipo kanakanirira pakati. M'mawa mwake anapeza kabokosi kena kwa ogulitsa zitsulo zakale, namangirira. Injini inalira myaa.

"Ndi chitsulo, mayi."

"Ndiye a Feston akadye okha nthochi zawozo," anatero mayi Mildred, kuseka koyamba chaka chimenecho.

Kabokosi kakale Sulaiman anakaika pa shelefu m'chipinda chake. Usiku umenewo, ataswali n'kuzimitsa koloboyi, anamva kaphokoso mumdimamo: tee... kwee... tee. Anati ndi khoswe. Usiku wotsatira, mvula ikudontha padenga la malata ndi achule akulira kumtsinje wa Nasolo, anayatsa machesi. Kachitseko kaja kankatseguka pang'onopang'ono, n'kuima pakati monjenjemera, n'kutsekeka. Panalibe waya, panalibe mphepo. Ataikapo chikhatho, anamva mpweya wofunda, wonunkhira bulugamu.

Anakakulunga m'chiguduli, koma kupumako kunkamvekabe. Anaganiza zokakataya mumtsinje, mtima unakana. Anadziuza kuti chopuma ndi chamoyo, choncho mayi aja sanawanamize. Sanauze munthu, zaka zimenezo ngakhale khoma linkanyamula nkhani. Anazolowera kugona akumvetsera, monga amachitira wodwazika matenda. Masiku ena kankapuma mofatsa. Masiku ozizira kankavutika mpaka kucha, iye ali tsonga pa mphasa.

Usiku wina, tambala woyamba asanalire, kabokosi kaja kanakoka mpweya wautali, wautali zedi. Kachitseko kanatseguka konse. Sulaiman, machesi ali m'manja, anadikira kuti katsekeke. Machesi anamutentha chala, anayatsa ena, ndi enanso, koma sikanatsekeke. Kunja achule anali atasiya kulira.

Kutacha mayi Mildred anadutsa pa galaja ya Sulaiman, dengu pamutu, nkhope ili ngwee.

"Che Sulaiman, a Feston ndawabweza. Malaya onse a bambo ndachapa, ndasita. Akabwera asapeze fungo la nkhungu."

"Nanga galimoto?"

"Ngati yatsopano. Mphumu ija inatheratu!"

Sulaiman anagwedeza mutu, nawerama, napitiriza kumanga nati imene inali yolimba kale.