Wometa Amene Anatsekera Mkazi Wake

Wometa uja ankagwira ntchito m'kashedi ka malata pafupi ndi siteji ya mabasi. Galasi lake linali long'aluka, makina ake ankazula tsitsi m'malo modula. Kunyumba anali ndi mkazi wodwala nthenda ya mitsempha ya mu ubongo, imene madokotala anati ndi yosowa kwambiri ndiponso ilibe mankhwala. Inayamba ndi kupunthwa poyera. Kenaka supuni inayamba kumupulumuka, mawu n'kumatuluka ngati a munthu woledzera, mpaka oyandikana nawo ankanong'onezana kuti mayiyo amamwa mobisa.

Mpumulo wawo unali gulu la Loweruka. M'chipinda china chakumapeto kwa chipatala munkakumana anthu ochepa odwala nthenda yomweyo, pamodzi ndi owasamalira. Uko n'kumene wometa anaphunzira kutembenuza mkazi wake kuti asatuluke zilonda, ndi kumumwetsa madzi atakhala tsonga kuti asatsamwe. Poti mwamuna wosamalira wodwala anali yekha, azimayi onse ankamutcha "Alamu". Panalinso mdala wina wa pa njinga ya olumala, amene kale anali dalaivala. Iye ankakonda kucheza ndi mkazi wa wometa.

"Achemwali, ife tili ndi mwayi," ankatero movutikira. "Timadzandira mwaulere. Anzathu mpaka agule!"

Mayiyo ankaseka mpaka misozi. Sabata yonse sankasekanso kwina.

Koma maso a wometa sanali pa kusekako. Anali pa galimoto ya banja lina limene linkabwera ndi wantchito wonyamula wodwala wawo. Iye ankachita kubereka mkazi wake kuchokera pa siteji, malaya atanyowa ndi dovu, ana akuloza. Nsanje inamudya ngati chiswe.

Kasitomala wina ndiye anamulozera kwa sing'anga amene ankakhala kuseli kwa galaji. Anamupeza masana, atavala malaya osita bwino, akusenda lalanje.

"Ukufuna achire kapena ukufuna chuma?" anafunsa sing'angayo.

"Zonse, bambo."

"Mapanga awiri avumbwitsa. Kuchiza nthendayo si gawo langa. Koma iwe uli ndi mwayi. Anzako akabwera kuno amalira posankha mwana woti apereke. Iwe chizimba uli nacho kale m'nyumba, chakupsa chokha."

Wometa anapukusa mutu. "Ine kupha munthu ayi."

"Wanena za kupha ndani? Akhale moyo, phindu lake ndi lomwelo. Umuike m'chipinda chakuseli pamodzi ndi nsupa iyi. Diso la munthu wina lisamuonenso."

Wometa anadziuza kuti n'zakanthawi, kuti akalemera amugulira bedi labwino. Analandira nsupa ija.

Chuma sichinachedwe. Anthu anayamba kulambalala ometa ena n'kumafola pa kashedi kake. Anatsegula saluni ya matailosi, kenaka ina, kenaka anagula maminibasi ndi nyumba ya mpanda. Mkazi wake anamusamutsa atamufunditsa bulangeti ngati katundu. Loweruka likafika mayiyo ankadzikoka pa matiresi, nayesa kufunsa ndi lilime lolemera.

"Gu… gulu?"

"Linatha," mwamuna wake ankayankha, osamuyang'ana.

Minibasi imodzi itagubuduzika, wometa anathamangiranso kuseli kwa galaji.

"Umalankhula naye," anatero sing'anga. "Mawu ako akumubweza kwa anthu. Uzimudyetsa kukamwa kuli chete."

Kuyambira pamenepo ankalowa m'chipindamo ngati wodyetsa nkhuku. Kumutembenuza anasiya, poti thupi likakhudzidwa maso a mkaziyo ankamufunsa zimene iye sakanayankha.

Tsiku lina a gulu anafika pa geti. Anali mayi wina wopuma pa ntchito yauphunzitsi, amene ankasamalira mwana wake wodwala, pamodzi ndi dalaivala uja akukankhidwa ndi mkazi wake. Anali atafunsafunsa mpaka kupeza nyumbayo.

"Alamu, mwatitaya," anatero mphunzitsiyo. "Tabwera kudzazonda achemwali."

"Anapita kwawo."

Pomwepo kuseli kwa nyumba kunamveka kapu ikugogoda khoma, gu, gu, gu, ndi mawu osweka akuyesa kuitana. Mkazi wa wometa anali atamva mawu a anzake. Dalaivala anadzutsa mutu ndi mphamvu zake zonse.

"Alamu, nthendayi imatilanda miyendo ndi lilime. Koma anthu siimatilanda. Inu ndiye mwamulanda anthu."

Wometa anatseka geti.

Sipanapite nthawi. Tsiku lotsegulira saluni yachitatu anamumwetsa mkazi wake mothamanga, ali chigonere chagada, natuluka akumva akutsokomola. Pobwera anapeza thupi litazizira pansi, pafupi ndi chitseko.

A gulu anabwera ku maliro. Mphunzitsi uja anapempha kukhala nawo posambitsa mtembo. Ataona zilonda zakumsana zofika pafupa, anatuluka nadutsa pamaso pa wometa osamupepesa.

Maliro atatha makasitomala anayamba kuthawa. Wometa atapitanso, sing'anga anamvetsera dandaulo lake akutokosa m'mano.

"Nsupa yazolowera kugona ndi munthu. Uli ndi mwana?"

"Ayi."

"Mayi ako?"

"Anamwalira."

"Ndiye ulowemo wekha. Malamulo ndi omwe aja. Usaoneke, usalankhule."

Analowa. Antchito ake, poona kuti bwana sakutuluka, anayamba kudzilipira okha. Achibale anagawana maminibasi. Iye anali m'chipinda muja akumva munthu akutsokomola pakona pomwe panalibe munthu. Pamene mchimwene wake anathyola chitseko, anamupeza atakhala pansi, lezala m'manja, atadzimeta mpaka mutu wonse unali magazi. Ankafuna kunena kanthu, koma pakamwa pankangotuluka kubuula. Anamumanga manja ndi nsalu n'kupita naye kumudzi, ndipo nyumba anaigulitsa iye asanafe n'komwe. Anamwalira mvula isanagwe, ndipo ku maliro ake anthu ankangokambirana za mtengo wa nyumbayo.

Chuma cha zizimba chimayamba kudya amene sangathe kukuwa, n'kumalizira mwini wake. Umphawi ndi matenda zimapiririka pakakhala anthu okunyamulitsa. Koma wadyera amene wasinthanitsa wodwala wake ndi ndalama wagulitsa manja omwe akanadzamutembenuza tsiku lake likafika.