Makatani a M'nyumba ya Harbottle

Chodabwitsa choyamba m'nyumba ya Josiah Harbottle, mwini fakitale ya ubweya ku Halifax, chinali chakuti makatani obiriwira a pabalaza ankafupika. Kale ankakhudza pansi. Tsopano kuwala kwa nyali za mumsewu kunkalowera kunsi kwake.

Munthuyu tiyenera kumufotokoza mwadongosolo. Mkazi wake Lavinia atapempha kukaphunzitsa atsikana, iye anatsekera m'bokosi chikhoti, chipewa ndi nsapato za mkaziyo. M'chisanu chathu chino, mkazi wopanda chikhoti ndi mkaidi. Lamulo linkalola zimenezi, abusa sanatsutse, ndipo dokotala anati kulira kwa Lavinia ndi matenda a akazi. Mkazi woyamba wa Harbottle anafera m'nyumba yomweyo, nayenso nsapato zake zili m'bokosi.

Usiku, makala atazilala, Harbottle ankamva sizasi ikudya nsalu pang'onopang'ono mumdima.

"Mayi Tibbs, akudula makatani anga ndani?" anafunsa wophika wake.

"Njenjete, bwana."

"Njenjete zogwira sizasi?"

"Za kuno n'zophunzira, bwana." Kenako ananong'ona: "Komatu anthu akuti malemu adona ankakonda kusoka."

Usiku wotsatira Harbottle anatsikira pabalaza ndi kandulo. Phokoso linaleka, lawi n'kuwerama ngati wina wadutsa pafupi. Anatola sizasi zonse za m'nyumba n'kuzikhomera. Phokoso silinathe. Linkasendera: pabalaza, pamasitepe, kenako kuseri kwa chitseko chake.

Lamlungu m'mawa Lavinia sanapezeke. Wogulitsa mkaka anati anamuona akukwera sitima, atavala chikhoti chobiriwira ndi nsapato zamatabwa za wophika.

"Tinkadula ndife, ine ndi adona Lavinia, bwana," anatero Mayi Tibbs, katundu wawo ali kale m'manja. "Sizasi ina inali m'thumba la ufa."

Harbottle anaseka mokweza. "Mzukwa uja ndi inu! Mkaziyo ndi wanga mwalamulo, mawa ndikamukoka. Mwandigoneka ndi mantha usiku onsewa, mfiti inu!"

Mayiwo anaima pakhomo, nkhope itasintha. "Usiku? Ife tinkadula masana, inu muli kufakitale. Usiku tinkagona."

Tsiku limenelo Harbottle anagona yekha m'nyumba yonse. Sizasi inalira pambali pa bedi. Kutacha, pamiyendo pake panali nsalu yoyera ngati nsanda, yodulidwa molingana ndi msinkhu wake, mbali imodzi itasokedwa kale.

Sitima ya m'mawa umenewo sanaikwere. Ankangoyang'ana mbali yotsalayo.