Dzanja Lozimitsa Magetsi

Mababu a m'khonde la nyumba ina ya lendi anayamba kusowa limodzilimodzi. Denga lake linali lalitali, loti ngakhale utakwera patebulo sungalifikire, ndipo makwerero pamalopo panalibe. Koma mlandu unagwera mlonda, poti wakuba amakhala wosauka nthawi zonse.

"Madala, atsala awiri. Akatha amenewa, inunso mwatha," anatero mwana wa malemu mwini nyumba, yemwe mlondayo ankamupukuta mamina ali wamng'ono. Kachipinda ka kuseri ndiko kanali kwawo kwa mkuluyu. Kwina kopita analibe.

Usiku umenewo anakhala pampando, maso ali tong'o, mpaka tulo tinamuba. Anadzidzimuka ndi kaphokoso kochokera m'mwamba: kwii... kwii... Mbali imodzi ya khonde inangoti bii. Mumdimamo munamveka mapazi okhwekhwereza, kenako zii.

"Akuti ndi malemu aja," ananong'ona mayi wogulitsa makala kutacha. "Wa chipinda chakumapeto anaona dzanja lopanda thupi."

Usiku wotsatira mlonda anabisala kuseri kwa mgolo wa madzi. Agalu atasiya kuuwa, anaziona: zala zakuda, zowonda, zikukwera pang'onopang'ono kuchokera mumthunzi. Zinafumbata babu lomaliza n'kuyamba kulipotokola. Kwii... kwii... Mdima. Mlonda anayatsa tochi.

Zalazo zinali zawaya, zomangidwa kunsonga ya mtengo wautali wofumbwa. Wougwira anali mayi aakulu, mkazi wa malemuyo, omwe mutu unali utayamba kuwasokonekera ndi ukalamba.

"Zimitsa tochiyo iwe, ukutha mabatire!"

"Mayi! Chimenechi n'chiyani?"

"Mtengo wa malemu abwana ako wozimitsira magetsi. Magetsi atangofika kumene, iwe usanabwere, m'khonde muno munalibe swichi. Tikamagona ankapotokola babu ndi umenewu. Pano iwo kulibe, azimitse ndani? Ana a masiku ano angowasiya akuyaka ngati dzuwa."

Mlonda anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi.

M'mawa mababu onse anapezeka m'beseni kunsi kwa bedi la mayiwo, atakulungidwa m'nsanza ngati mazira. Mwana wa malemu anautembenuza mtengowo, anagwiragwira zala zija, n'kungoti, "Oho."

Mawu oti pepani sanatuluke. Anthu otere pakamwa pawo sipadutsa zimenezo. Koma mlonda analowa m'kachipinda kake, anakhoma chitseko, ndipo mkonono wake unamveka mpaka kumsewu.